AMbewe, Mkamwini Womasulira Mafilimu

AMbewe anatisiya Lachiwiri m'mawa, nyengo yokumba mtedza, mudzi wonse uli kumunda. Anawapeza ndi mayi wina amene anapita kukabwereka nkhwangwa. Uthenga utandipeza ku boma ku Chadiza, kumene ndimasoka zovala, ndinayamba ndi kuseka, Mulungu andikhululukire. Chimene chinabwera m'mutu mwanga ndi mawu awo aja akamatsanzira mzungu wamkazi akulira, kamawu kakang'ono konjenjemera ngati ka mbuzi yoiwalidwa pa chingwe. Misozi inandipeza pambuyo, ndili kale pa njinga yamoto kulowera kwathu ku Pembamoyo.

Dzina lawo linali Yotamu, koma sindikumbuka munthu amene anawaitanapo choncho. Anakwatira azakhali anga aNaphiri, mlongo wawo wa bambo anga. Mwamwambo ine ndinayenera kumawatchula apongozi n'kumawapatukira panjira, popeza mwana wawo Lameki ndi msuweni wanga. Koma ungamupatukire bwanji munthu amene Loweruka lililonse amakuseketsa mpaka nthiti kuwawa? Tonse, ana ndi akulu omwe, tinkangoti aMbewe.

Kwawo kunali ku Mlolo. Kwathu anabwera ngati mkamwini, nakhala zaka pafupifupi makumi anayi, koma chilendo sichinawachoke. Munda umene ankalima unali wa akazi awo. Nyumba imene anamanga inali pamalo a akazi awo. Mwana amene anabereka anali wa mbumba ya bambo anga, chifukwa bambo anga ndiwo anali atsibweni ake. AMbewe ankazidziwa zimenezi kuposa aliyense, ndipo zinkaonekera ndi m'kakhalidwe kawo komwe. Pamaliro, paukwati, ngakhale pakhonde la nyumba yawo yomwe, ankakhala m'mphepete, thako limodzi pa mpando, chipewa pa bondo, ngati munthu wodikira minibasi.

Ankakonda kunena kuti mkamwini ali ngati makwerero a nkhokwe, amakumbukiridwa pofuna kutsitsa chimanga, kenako amakagonekedwa kuseri kwa nyumba. Ankanena akuseka, ifenso n'kumaseka. Katatu konse anapempha chitengwa, kuti awatenge azakhali akakhale nawo ku Mlolo, ndipo katatu konse bambo anga anakana. Ulendo woyamba anati dikirani muyambe mwabereka. Ulendo wachiwiri anati agogo akudwala, aziwasamalira ndani. Ulendo wachitatu sanavutike n'kupeza chifukwa, anangoti nkhani imeneyo tinatha kale.

Malo okhawo amene aMbewe ankaoneka ngati mwini wake anali m'nyumba ya vidiyo. Kanali kanyumba ka zidina kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi njira ya ngolo, mazenera ake otseka ndi matumba a feteleza kuti muzikhala mdima. M'katimo munali tivi ija ya chimimba kumbuyo, makina a zimbale ndi batire ya galimoto. Sola ankaitulutsa padzuwa m'mawa uliwonse n'kuipukuta ndi mpango, ndipo mwana woyerekeza kuigwira ankamva kansungwi pa zala. Mabenchi anali mitengo ya bulugamu yogoneka pa mphanda. Ankaonetsa Loweruka masana anthu akaweruka kumunda, ndi Lamulungu anthu akatuluka m'tchalitchi. Unkalowa uli woyera, n'kutuluka ukununkha thukuta la anthu ena, makoko a nzimbe atakakamira ku zidendene.

Ali mnyamata anagwirako ntchito zaka ziwiri m'khitchini mwa mzungu wina ku Chipata. Chingerezi chimene anabwera nacho chinali cha mchere, cha madzi otentha, ndi chopepesera ukaswa mbale. Ndi chimenecho ankamasulira mafilimu onse, a nkhondo, a karate, a chikondi omwe. Ankavala jekete yoyera ya kukhitchini ija, yotsala ndi mabatani awiri, n'kuima pambali pa tivi, kansungwi kali m'manja. Asanayambe ankatsokomola katatu. Msilikali akakuwa kwa nthawi yaitali, iwo ankati, "Akuti amene wadya nkhuku ya kapitawo adziulule yekha lomba, tisanapite kwa sing'anga." Mzinda uliwonse wa nyumba zosanja unali Chipata. Mtsinje uliwonse, ngakhale woyenda sitima, unali Nsadzu. Mwamuna ndi mkazi akayamba kuyandikizana milomo, ankaphimba tivi ndi jekete n'kulengeza kuti akuluakulu akukambirana za mbewu ya chaka chino, ana ayang'ane pansi.

Kodi tinkadziwa kuti akunama? Tinkadziwa, koma tinalibe nazo ntchito. Mwana wa sekondale akabwera ku holide n'kuwatsutsa kuti si zimene wanena mzunguyo, iwo sankakwiya. Ankayankha kuti wa sukulu amamva mawu, pamene iwo amamva munthu, ndipo ngati akufuna Chingerezi chenicheni abwerere kwa aphunzitsi ake, kuno asatisokoneze. Nyumba yonse inkakhala mbali yawo, wotsutsayo n'kukhala pansi.

Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, munthu wa tayi ngakhale kutentha kwa Okutobala. Nyumba ya vidiyo ankaitcha dambwe la magetsi, pofanizira ndi kumene amakumana a gule, ndipo ankalumbira kuti phazi lawo silidzapondamo. Chinkawonjezera moto n'chakuti aMbewe kwawo anali a gule. Iwo eni anazisiya pokwatira mwana wa Mkhristu, kutchalitchi ankapita ndithu, koma ankakhala benchi yakumbuyo, ndipo ubatizo ankangouzengereza chaka ndi chaka. Awiriwa ankakangana pa chilichonse: malire a munda, mbuzi yolowa m'dimba, ana othawa Sande sukulu kukasunga malo kutsogolo kwa tivi. Pa mkangano aMbewe anali ndi lilime lakuthwa, moti nthawi zina bambo anga ankasowa poyankha. Koma mathero ake anali amodzimodzi. Bambo anga ankakumbutsa kuti dothi limene kanyumbako kaimapo ndi la Aphiri, ndipo aMbewe ankavula chipewa n'kunena kuti zamveka, alamu.

Azakhali atamwalira, zaka zisanu zapitazo, a mbumba anawasudzula aMbewe monga mwa mwambo, kuwauza kuti ukwati watha, ali mfulu kubwerera kwawo. Anapita ku Mlolo ndi chikwama chimodzi. Patatha sabata ziwiri anabweranso ndi chikwama chomwecho. Munda wa mayi awo anali atagawana adzukulu, ndipo ana a kumeneko ankawafunsa kuti agogo mukufuna kwa yani. Kuno nako nyumba ya azakhali inali itapatsidwa kale kwa mtsikana wina wa mbumba amene anali atangokwatiwa. Bambo anga anawalola kuti azigona m'nyumba ya vidiyo. Apa n'kuti tivi itafa kalekale, ana ataphunzira kuonera mafilimu pa foni, mitu isanu pa kagalasi kamodzi. Ndikapita kumudzi ndinkawapeza pakhomo akutong'ola chimanga cha anthu ena. Ankandifunsa ngati akazi a ku boma akadavalabe madiresi a mapewa otukuka, n'kunditsanzira mmene amayendera. Sanadandaulepo pamaso panga, koma ine ndinkabwerera ndi chisoni chimene chinkanditengera masiku kuti chichoke.

Pa mafilimu onse amene anadutsa m'manja mwawo, panali imodzi imene ankaikonda iwo okha. Chimbale chake chinabwera pakati pa zina zogula kwa wamalonda wa pa njinga, chopanda chikuto, chopanda dzina. Munalibe mfuti, munalibe nkhonya. Inali nkhani ya mnyamata wachizungu, wowonda ngati bango, wa m'tauni ina yozizira kumene anthu amatuluka utsi m'kamwa akamapuma. Kusukulu ankadya yekha pa masitepe akuseri. Kunyumba kukabwera alendo ankabisala m'kabati ya zovala, ndipo tsiku lina mlendo anatsekula kabatiyo n'kumukoleka jekete pamutu osamuona. Bwenzi lake linali kamba, amene ankayenda naye m'katoni. Panalinso mtsikana wojintcha woimba lipenga kusukulu, ndipo mnyamatayo akamuona ankawoloka msewu mothawa n'kukadzigunditsa ku mtengo wa magetsi. Bambo ake ankayendetsa galimoto yogulitsa buledi, nawonso munthu wouma pakamwa. AMbewe anamutcha mnyamatayo Kachete.

Anthu sankaifuna n'pang'ono pomwe. Ikangoyamba ankakuwa kuti chotsani, tiikireni ya karate. Ena ankafunsa kuti mzungu ameneyu ndiwo akuzisungiranji m'katoni osaphika. Choncho aMbewe ankaiika kumapeto, batire ikamatha mphamvu, anthu ambiri atatuluka. Ine ndinaionerapo kangapo chifukwa cha ulesi wokatunga madzi. Inali yoseketsa ndithu, koma kuseka kwake kunali kwa mtundu wina. Unkaseka Kachete atadzigunditsa ku mtengo, kenako unkatuluka panja dzuwa likupendeka, mtima utalemera, osadziwa amene wakulakwira.

Munthu mmodzi yekha sankaiphonya, ndiye Lameki. Anali mwana yekhayo wa aMbewe amene anakula, awiri oyamba anapita ali makanda. Nthawi imeneyo anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ine khumi ndi zisanu. Ankayenda motsata zipupa. Ukamufunsa kanthu ankayankha ndi nsidze. Pakudya ankadikira onse ayambe, ndipo kawirikawiri ankapeza ndiwo zatha, osanena kanthu. Ine monga msuweni ndinali ndi ufulu womuvutitsa, ndipo sindinkamumvera chisoni. Ndinkamutchingira njira pachitsime n'kumufunsa kuti, "Amuna anga, mawuwa mukusungira tsiku la ukwati wathu kodi?" Iye ankangoyang'ana zala zake zakumapazi mpaka nditatopa. Koma m'kope munali nkhani ina. Mayeso a giledi seveni anakhoza kuposa ine ndi anzanga onse olongolola, ndipo dzina lake linatuluka pa opita giledi eyiti.

Mwezi womwewo kunabwera bambo wina wa ng'ombe zambiri wochokera ku Zingalume, akufuna mbusa. Kwathu kuno zimachitika. Mnyamata amakaweta ng'ombe za mwini wake zaka zinayi, kudya ndi kugona komweko, ndipo pomaliza amapatsidwa ng'ombe imodzi yathadzi. Khola la Aphiri linali lopanda kanthu chifere ng'ombe zathu ndi matenda. Bambo anga anaona kuti Mulungu wayankha pemphero.

Mbumba inasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikunamizira kupeta.

"Mwana uyu sukulu siimuyenera," anatero bambo anga. "Aphunzitsi amalankhula, anamwino amalankhula, wapolisi ndiye amachita kukuwa. Uyu akagwira ntchito yanji? Ng'ombe ndizo sizifuna nkhani."

AMbewe anatsokomola katatu, ndipo ena anayamba kumwetulira poganiza kuti kukubwera nthabwala.

"Alamu, ndimati ndiikepo liwu limodzi. Mwanayu wakhoza, ndipo aphunzitsi ake akuti..."

"AMbewe, pano tikukamba za mbumba. Mkamwini asamakule mwendo. Mukafuna ana owalamula, ana a alongo anu ali ku Mlolo."

Azakhali anayang'ana pansi, akukanda dothi ndi kamtengo. Sindiwaweruza. Anakula akuopa mlongo wawoyo, ndipo munda umene ankadya anawagawira ndi iye. Nkhani inathera pomwepo, kuti Lameki anyamuka Lolemba la sabata yotsatira.

Lachisanu aMbewe anabwera kwathu atavala malaya ochapa, n'kunjuta pakhomo ngati mkamwini wobwera dzulo. Anati apeza filimu ya Yosefe, uja anagulitsidwa ndi abale ake, ndipo sangayerekeze kuionetsa kwa anthu mkulu wa mpingo asanaione n'kuivomereza. Bambo anga akamva mawu oti mkulu wa mpingo, khosi limatalika. Loweruka masana anamanga tayi, natenga Baibulo loti azitsatira ngati azungu sanapotoze, nalowa m'dambwe la magetsi lija kwa nthawi yoyamba. Mbiri inali itawanda, moti m'nyumbamo munadzaza mpaka ena kukhala pa miyendo ya anzawo. Bambo anga anapatsidwa mpando weniweni, kutsogolo penipeni, kumene munthu sakanatuluka popanda kuponda anthu makumi atatu. Azakhali analipo. Lameki anali pakona yake yakumbuyo.

Tivi itayaka, panaoneka kamba m'katoni.

"Yosefe ali kuti?" anafunsa bambo anga.

"Pepani alamu, zimbale zasokonekera. Koma batire iyi ikayamba siizimitsidwa pakati, imaphulika. Tingopirira."

Tsiku limenelo aMbewe anamasulira ngati munthu wogwidwa ndi mzimu. Kachete anasanduka mwana wa giledi seveni. Mlendo wokoleka jekete uja anasanduka atsibweni ake, obwera kudzaona ngati mbumba ili bwino koma osaona mwana amene waima patsogolo pawo. Anthu amene masiku onse ankakuwa kuti chotsani anali kugwa ndi phwete. Ngakhale bambo anga, Kachete atadzigunditsa ku mtengo wa magetsi, ndinaona mapewa awo akugwedezeka, Baibulo ataphimba nalo pakamwa.

Kenako panafika pamene bambo ndi mwana amakhala m'galimoto ya buledi, itaima m'mphepete mwa msewu, mvula ikugwa pa galasi. Pamenepo palibe amalankhula, amangokhala kwa nthawi yaitali. Masiku onse aMbewe akafika apa ankangoti akuganiza za kukwera mtengo kwa ufa, n'kupezerapo mpata womwa madzi. Tsiku limenelo anaika kansungwi pansi.

"Bambo uyu akuti, mwana wanga, ine kuno ndine mlendo. Ndinabwera ndi khasu ndi mphasa, ndipo tsiku londiuza kuti zipitani ndidzanyamula zomwezo. Iwe sindingakunyamule, anandiuza kuti suli wanga. Akuti, koma tsiku lija unatentha thupi mpaka maso kutembenuka, anakubereka kumsana kuthamangira kuchipatala ndine. Akuti, anthu amati sulankhula. Ine ndakhala nawe zaka khumi ndi zinayi, ndimakumva bwinobwino. Akuti, ng'ombe ikafa anthu amagula ina, nanga zaka zinayi za mwana zikapita mukazigula pa msika uti? Akuti, ndikupempha eni mwana, ndagwira mwendo wanu, mulekeni apite kusukulu. Yunifolomu ndi makope ndiona ndine. Tivi iyi ndigulitsa."

Pofika kumapeto mawu awo anali atachepa, akunjenjemera. Ife tinaganiza kuti ndi kamawu kaja ka mzungu wolira, ndipo nyumba yonse inasekanso. Ine ndinaseka kuposa onse, ndikumenya mnzanga pa ntchafu. Ndinazindikira mochedwa, kuwala kwa tivi kutawagwera kumaso, kuti misozi ikutsikira m'ndevu zawo. Mpaka lero ndikakumbuka kuseka kwanga kuja ndimachita manyazi ndi kudzida.

Bambo anga anaimirira.

"Bodza ili! Anthu awa milomo yawo siikugwedera n'komwe. Inu mukumasulira chiyani?"

Kuseka kunatha. Pa tivi mvula inali ikugwabe.

"Akunena zomwezo, atsibweni."

Tonse tinatembenuka. Ambiri sitinadziwe mwini mawuwo, chifukwa chisinthire mawu ake kukhala a mwamuna, palibe anali atamumvapo Lameki akulankhula pagulu.

"Wati chiyani, iwe?"

"Ndati akunena zomwezo. Ine ndaionera kambirimbiri. Ndimawamva."

Bambo anga anamuyang'ana. Azakhali anali atagwira pakamwa. Ine mumtima ndinati basi, zatheka, munthu sangamve zimenezi n'kukhalabe chimodzimodzi. Bambo anga anakonza tayi, naika Baibulo m'khwapa.

"Kani umatha kulankhula," anatero. "Ndi bwino. Ng'ombe zizikakumva ukamaziitana."

Anatuluka akuponda miyendo ya anthu, osapepesa.

Mawa lake akulu anakhalira nkhaniyo, ndipo aMbewe anawalipiritsa nkhuku ziwiri, ina yonamizira Yosefe, ina yochititsa manyazi mlamu wawo pagulu. Nkhukuzo zinagwidwa m'khola la azakhali, popeza aMbewe analibe ngakhale nkhuku yotchedwa yawo. Lolemba m'mawa mwini ng'ombe uja anabwera ndi njinga. Lameki anakwera pa kaliyala, bulangete lili m'thumba la feteleza, osatsanzika munthu. AMbewe sanabwere kudzaperekeza. Amene anadutsa ku nyumba ya vidiyo anati anawaona akupukuta sola, mbali imodzimodziyo, mpaka dzuwa kufika pamutu. Filimu ya Kachete sanaionetsenso.

Zaka zinayi zonsezo, mwezi ukatha, aMbewe ankapalasa njinga kupita ku Zingalume. Ankanyamuka Lachitatu, tsiku lopanda vidiyo, nzimbe ziwiri atamanga pa kaliyala. Kumudzi anthu ankati akukamudzaza mwana mutu kuti athawe, ndipo bambo anga anawachenjezapo kawiri. Patapita zaka ndinamufunsa Lameki kuti ankakambirana chiyani.

"Tinkakhala pa chulu, kuyang'ana ng'ombe. Dzuwa likapendeka ankati chabwino, n'kukwera njinga."

"Osakamba kanthu? AMbewe amene aja?"

"Tikambenji?"

Ng'ombe inabwera, yofiira, ya chipumi choyera, n'kulowa m'khola la bambo anga. Inali yobereka, ndipo lero kholalo ndi lodzaza, tili ndi ngolo yathuyathu. Ndinene zoona, popeza ndayamba kale: makina amene ndimasokera ku boma anagulidwa bambo anga atagulitsa mwana wa ng'ombe imeneyo. Ndimadya zaka zinayi za msuweni wanga tsiku lililonse. Lameki anabwerako ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, wamtali, ndevu zitayamba, anzake akumaliza sekondale. Panalibe wokambanso za giledi eyiti. Anakhala miyezi ingapo akuyenda motsata zipupa zomwe zija, kenako anabwerera ku Zingalume, kumene kunali mtsikana wina amene ankamupatsa madzi akumwa pobwera kubusa. Anakwatira komweko, naye n'kukhala mkamwini.

Bambo anga ndimawakonda. Anatilera bwino, sanamwepo mowa, sanamenyepo mayi anga, ndipo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti anapulumutsa mbumba ku umphawi. Mwina n'zoona. Koma pa nkhani ya Lameki sindinawakhululukire, ndipo iwo sanaonepo kuti pali chowakhululukira.

Pa maliro, abale a ku Mlolo anabwera ndi lole Lachitatu. Anthu amene analibe munda wowapatsa ali moyo, manda anali nawo. Ananyamula thupi, ananyamulanso tivi yakufa ija, batire, sola ndi jekete yoyera, popeza katundu wa mkamwini ndi wa kwawo. Mabenchi a bulugamu anathera pa moto wophikira anthu a pamaliro. Tonse tinakwera lole kukaika ku Mlolo, kumene wolalikira anachita kufunsa kawiri dzina la malemu.

Titabwerako ndinamupeza Lameki akupopa njinga yake kuseri kwa nyumba yathu. Tsopano ndi bambo wa ana atatu, ndipo woyamba ndi mnyamata wa zaka khumi. Ndinamufunsa za mwanayo, kuti sukulu ikuyenda bwanji.

"Ikuyenda. Amakhoza." Anapopa kangapo. "Koma atsibweni ake ayamba kukamba za ubusa. Akuti chaka chamawa."

"Ndiye iwe wati chiyani?"

"A mbumba anakhala pansi mwezi watha. Ndinatsokomola, sanandiyang'ane." Anachotsa pampu, nakanikiza tayala ndi chala. "Ine ndilibe tivi, msuweni."

Sanagone. Anati mtedza wa apongozi ake uli pa dzuwa, anangomupatsa masiku awiri.

Sabata yatha ndinapitanso kumudzi, ndipo ndinayenda mpaka kumapeto, ku njira ya ngolo. Chitseko cha kanyumba kaja anachizula, pakhomo anaikapo mitengo yopingasa. Matumba a m'mazenera anachotsa, ndipo kanali koyamba kuti ndione m'katimo muli mowala. Ndi kanyumba kakang'ono zedi, sindikumvetsa kuti tinkakwanamo bwanji. Pa zipupa pali mayina a ana olemba ndi makala, ena a anthu amene lero ali ndi ana awoawo, ena a anthu amene tinaika kale. Pakona pamene ankayala mphasa pali mapesi ndi ndowe. Bambo anga aikamo ana a ng'ombe atatu, kuwapatula kwa amayi awo kuti mkaka uzitsalako.

Ndinawapeza ataima pomwepo, atatsamira ndodo, akuyang'ana m'katimo. Akalamba tsopano, tayi imawalendewera pakhosi.

"Bambo, m'nyumba ya aMbewe?"

"Nanga ingokhala chabe? Denga lake silidontha. Munthu uja kufolera ankadziwa."

Milomo yawo inagwedera ngati pali china chotsala, ndipo ine ndinadikira. Kenako anandiuza kuti ndikankhire bwino mtengo wapansiwo, chifukwa kakang'ono kofiirako kamakonda kuthawa. Ndinaukankhira.